Magetsi a Dzuwa ku Kafue: Moto Wocokera Mbali Ziwiri

Mzinda wa Kafue, umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, unakula cifukwa ca mafakitale. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito m'caka ca 1970, caka comweco cimene kampani ya magetsi ya ZESCO inakhazikitsidwa. Pambuyo pace panadza osungunula zitsulo ndi amisiri ena ambiri. Kumunsi kwa mtsinje, ku Kafue Gorge, madzi atembenuza makina akuluakulu opatsa dziko magetsi. Kwa zaka zoposa 50 magetsi anali ndi njira imodzi yokha: anali kucokera kumtsinje, nayenda m'mawaya, nalowa m'fakitale, nathera m'makina.

M'caka ca 2024 mvula inakana. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka. Madzi a ku Kariba anaphwa, ndipo pofika mu September malo ambiri anali kulandira magetsi maola atatu okha pa tsiku. Eni nchito ambiri m'dziko anayala mapanelo a dzuwa pa matsindwi ao. Caka comweco Boma linaturutsa malamulo a Net Metering, olola munthu kubweza magetsi otsala m'mawaya a ZESCO, mita niwerenga olowa ndi oturuka omwe. Cotero njira ija tsopano iyendeka mbali ziwiri, ndipo mafyuzi ndi mabuleka amene anaikidwa kale kulonda khomo limodzi sakwanira okha.

NCHITO YA INVETA

Mapanelo apatsa magetsi oyenda molunjika mbali imodzi, amene amisiri awachula DC. Magetsi a ZESCO, ochulidwa AC, apita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi imodzi, ndipo afika m'nyumba pa mavolti 230, m'fakitale pa mavolti 400. Inveta ndico cipangizo cosanduliza magetsi a dzuwa kuti afanane ndi a ZESCO. Iri ngati wobvina amene atsata ng'oma: ng'oma ndi magetsi a ZESCO, ndipo mapazi a inveta ayenera kuponda pamodzi nayo. Ng'oma ikaleka, wobvina naye aleke.

MOYO WA MUNTHU WA PA MTENGO

Kuleka kumeneku ndiko kupulumutsa moyo. Waya akaduka, anyamata a ZESCO azima magetsi ku mbali yao asanakwere mtengo. Koma ngati fakitale ina iri kutumizabe magetsi a dzuwa, wayayo ali ndi moto wocokera kumbuyo. Thiransifoma siisankha mbali: monga itsitsa mavolti 11,000 kufika pa 400, momwemonso ikhoza kukweza 400 kufika pa 11,000. Anyamata odziwa nchito ayesa waya ndi kumulumikiza kunthaka asanamukhudze, koma mwana wopeza waya wogwa panjira alibe coyesera.

Cifukwa cace inveta yolumikizidwa ku ZESCO imvetsera mavolti ndi liwiro la magetsi nthawi zonse, ndipo zikasokonezeka idzicotsa yokha. Bvuto lidza pamene magetsi a dzuwa angolingana ndi amene makina a pafupi ali kudya. Pamenepo ZESCO ingacoke osadziwika, ndipo inveta ingayambe kubvina nyimbo yace yomwe. Popewa ici, inveta ikankhakankha liwiro la magetsi pang'ono pang'ono. ZESCO ikakhalapo, mphamvu yace njaikuru, liwiro silisuntha. Ikacoka, liwiro lisokera msanga, inveta nizindikira kuti yatsala yokha. Muyeso wa maiko onse wa IEC 62116 ufuna kuti ileke masekondi 2 asanathe.

Ici ndico cidabwitsa eni nchito ena, poona kuti magetsi a ZESCO akazima, ao a dzuwa azimanso ngakhale dzuwa liri pamutu. Inveta yotere sinaonongeke. Iri kucita cimene inapangidwira. Wofuna magetsi pa nthawi ya mdima asowa inveta ya mabatire, yokhala ndi swichi yoyamba yalekanitsa fakitale ndi mawaya a panja isanayambe kupereka moto m'kati.

Jenereta ya dizilo nayo iri ndi ngozi yace. Inveta ikhoza kuiyesa ZESCO ndi kutsata ng'oma yace. Pa nthawi ya cakudya ca masana, makina atazimidwa ndi dzuwa litakula, magetsi otsala asowa kopita, nalowa m'jenereta, naizunguza ngati mota, ndipo ingaonongeke. Pafunika cipangizo cocepetsa mphamvu ya inveta, ndi cina codula jenereta magetsi akayamba kuibwerera.

FYUZI NDI MAPANELO

Ngozi yaciwiri ndi magetsi opitirira muyeso. Waya aliyense ali ndi katundu amene akhoza kusenza, woyesedwa m'maampeya. Akapitirira, waya atentha, cikopa cace cisungunuka, moto nubuka. Nchito yeniyeni ya fyuzi kapena buleka ndiyo kuteteza wayayo.

Koma mapanelo ali ndi khalidwe lacilendo. Panelo yaikuru ya masiku ano yopatsa maampeya 13 pa nchito, mawaya ace akagundana ipatsa pafupifupi 14 basi. Kusiyana kocepa kotere sikungadule fyuzi. Tsono fyuzi iikidwiranji? Mapanelo amangidwa m'mizere, ndipo mizere ikomana m'bokosi limodzi. Mzere umodzi ukaonongeka, inzace yonse ikhuthulira magetsi ao mwa iwo cobwerera. Pa tsindwi la mizere isanu ndi umodzi, mizere isanu idzatsanulira maampeya 70 m'mapanelo amene cikwangwani cao cilola 25 okha. Mizere ikakhala iwiri, wobwezera ndi umodzi wokha ndipo mapanelo apirira. Ikafika itatu kapena kuposa, mzere uliwonse ufuna fyuzi yaceyace.

Fyuziyo ikhale ya DC, yolembedwa gPV. Magetsi a AC afika pa zero maulendo 100 pa sekondi, ndipo lawi lobuka podula lizima lokha. A DC sapuma, ndipo mzere wa pa fakitale ukhoza kufika mavolti 1,000. Buleka ya AC yoikidwa pamenepo cifukwa ca kucepa mtengo ingapse yokha osadula kanthu. Tsono dzuwa liribe swichi: masana mawaya a pa tsindwi ali ndi moto ngakhale zonse zapansi zazimidwa.

Mabatire ndi ena: mawaya ao akagundana aturutsa maampeya zikwi m'kamphindi. Fyuzi yao ikhale pafupi ndithu ndi batire, kuti pasatsale waya wautali wopanda mlonda.

M'BOKOSI LA MABULEKA

Ku mbali ya AC, inveta idziletsa yokha ndipo siipitirira kwambiri muyeso wace. Woopsa ndi thiransifoma ya panja, imene ikhoza kuponya maampeya zikwi m'waya woonongeka. Cotero buleka ya inveta iikidwa pa bokosi, pomwe waya wace ayambira.

Mkuwa wa m'bokosi, umene mabuleka onse ayamwapo, ufunanso kuwerengedwa mwatsopano. Ngati unapangidwira maampeya 200, ndipo buleka yaikuru ilola 200, kale unali wotetezeka. Inveta ikaonjeza 100 pambali pomwepo, mkuwawo ungasenze 300 popanda buleka iriyonse kugwa, pakuti yonse iona kuti gawo lace liri bwino. Amisiri apewa ici polumikiza inveta ku mapeto ena a mkuwa, kapena poika bokosi lalikurupo. Akumbukiranso kutentha kwa mwezi wa October: waya wogona pa malata otentha asenza zocepa kuposa wa pamthunzi, cotero asankhidwe wonenepa.

MWINI FAKITALE ACITENJI?

Asanalumikize kanthu, apemphe cilolezo ku ZESCO monga mwa malamulo amene bungwe la Energy Regulation Board liyang'anira, ndipo alembe mmisiri wobvomerezeka. Pakhale swichi yoonekera, yofikirika, yotsekeka ndi loko, yolekanitsa dzuwa ndi mawaya a panja. Pa bokosi lirilonse palembedwe cenjezo lakuti moto ucokera mbali ziwiri. Pa tsiku lolandira nchito, mmisiri azime buleka yaikuru mwini ali pomwepo, kuti aone ndi maso kuti inveta yaleka, ndi kuti magetsi akabwera iyamba yadikira isanalowenso.

Akuru anati safunsa anadya phula. Fyuzi yoyenera iri ndi mtengo wocepa poyerekeza ndi tsindwi la fakitale, ndipo kufunsa sikuwononga ndalama. Munthu wokwera mtengo wa magetsi mumseu wa ku Kafue sadziwa cimene ciri m'bokosi la fakitale iriyonse. Adalira kuti amene anaika magetsi a dzuwa anamkumbukira.