Dzina la pa paketi nalonso ndi chuma

Tiyerekeze banja lina ku Nkhotakota lomwe lakhala likulongedza mpunga m'mapaketi kwa zaka zingapo. Pa paketi pali dzina lawo ndi chithunzi cha ngalawa. Ogula ku Lilongwe adazolowera: akaona ngalawayo amadziwa kuti mpungawo ndi wopetedwa bwino, wopanda miyala. Tsiku lina pamsika pafika mapaketi a munthu wina, ngalawa yomweyo, dzina longosiyana chilembo chimodzi, koma mkati muli mpunga wosweka. Banja lija likadandaula kuti, ndipo likaonetsa chiyani?

Ambiri amayankha kuti bizinesi yawo adalembetsa kale kuboma. Apa ndi pomwe timasokonezeka. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kwina, kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi kwinanso. Chomwe chimapatsa munthu mphamvu zenizeni zoletsa ena kugwiritsa ntchito dzina kapena chithunzi chake pa katundu ndi kalembera wachiwiriyu.

M'dziko muno nkhaniyi imayendera lamulo la Trademarks Act la 2018, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1957, ndipo pempho limapita ku ofesi ya Registrar General. Ofesiyo imafufuza ngati palibe chizindikiro china chofanana nacho, kenaka imalengeza pempholo kuti wotsutsa atsutse. Chikavomerezedwa chimatetezedwa zaka 10, ndipo zikatha mwini wake amalembetsanso.

Si dzina lililonse limaloledwa. Mawu ongofotokoza katundu, monga "Mpunga Wonunkhira", sangakhale a munthu mmodzi, pakuti aliyense wogulitsa mpunga amawafuna. Komanso katundu ndi ntchito zidagawidwa m'magulu 45: mpunga uli m'gulu 30, nsomba zili m'gulu 29. Wolembetsa mpunga wokha asaganize kuti usipa wake watetezedwa. Ndipo kwa abale omwe amaolotsa malonda pa Chiponde, kalembera wa kuno sagwira ntchito ku Mozambique. Njira ina ndi yodzera ku bungwe la ARIPO, lomwe likulu lake lili ku Harare.

Palinso chizindikiro china chomwe si cha wamalonda ngakhale chili pa paketi yake: cha halaal. Ichi ndi umboni wa bungwe lomwe layendera malo ndi kuona kakonzedwe ka chakudyacho, monga nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi. Munthu wongochisindikiza yekha, ngakhale atakhala Msilamu wosaphonya swala, wabwereka umboni womwe sadapatsidwe, ndipo mayi wogula nkhuku ija wakhulupirira kuti idayenderedwa pomwe sidayenderedwe.