Kodi Mumadziwa? Matumbo ndi Khungu Mayi Akasiya Kusamba

Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Nthawi imeneyi homoni ya esitirojeni imachepa m'thupi, ndipo khungu limauma, kupyapyala ndi kuyamba makwinya. Mafupa nawonso amafooka.

Mabakiteriya abwino a m'matumbo amathandiza thupi kubwezera esitirojeni ina m'magazi. Chakudya chawo chili pamsika wa Kapata ku Chipata: nyemba, khobwe, mtedza, nkhwani wotendera ndi mgaiwa. Kapenta wodyera limodzi ndi minga yake amapatsa mafupa kashiamu.

Amayi, mukaonanso magazi patatha chaka chathunthu musakusamba, musazengereze. Pitani kuchipatala chapafupi kapena ku Chipata Central Hospital akakupimeni.