Kutsuka ndi kukonza mutu wa injini ya njinga yamoto pakhomo

Njinga yamoto yasanduka mwendo wa boma lathu la Phalombe. Ndiyo imanyamula matumba a nandolo ndi mpendadzuwa kupita ku Migowi ndi ku Chiringa, kubweretsa matemba a ku nyanja ya Chilwa, komanso kuthamangitsira odwala ku chipatala cha Holy Family pakati pa usiku. Komabe m'makomo ambiri muli njinga zimene zinatsamiritsidwa kukhoma, eni ake akunena kuti injini inatha. Kawirikawiri injiniyo imakhala isanathe, chatopa ndi mutu wake wokha, umene amakaniko amautcha silinda hedi. Munthu wodekha ndi waukhondo angathe kugwira yekha gawo lalikulu la ntchito youkonza, malinga adziwe polekezera.

Mutu wa injini ndi chiyani?

Mutu ndi chivundikiro cha aluminiyamu chimene chimatseka pamwamba pa silinda. Kunsi kwake kuli kachipinda momwe petulo wosakanikirana ndi mpweya amayakira. M'menemo muli pulagi yoyatsa moto ndi mavavu awiri: yaikulu imalowetsa mpweya ndi petulo, yaing'ono imatulutsa utsi. Mphamvu ya injini imadalira kuti mavavu onse atseke ndithu pamene pisitoni ikupanikiza mpweya. Vavu ikasiya kampata ngakhale kochepa ngati tsitsi, mphamvu imathawira pomwepo.

Njinga zambiri zimene akabaza amayendetsa zili ndi injini yotengera Honda CG125, imene inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1970. Mavavu ake amakankhidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo, choncho mutu umachoka mosavuta. Honda XL125 ili ndi tcheni cha taiming'i chofika m'mutu, ndipo imafuna kusamala kwambiri. Yamaha DT125 ndi AG100, zimene alangizi ankayendera m'midzi, zilibe mavavu m'mutu, kotero kwa izo ntchito ndi yongopala mwaye ndi kusintha gasiketi.

Chimene chimaononga mutu ndi mwaye ndi fumbi. Oilo ndi petulo wosapsa bwino zimasiya mwaye wolimba ngati makala pa mavavu ndi m'kachipinda kaja. Fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe, likadutsa pa sefa ya mpweya yong'ambika, limapera mavavu ndi maring'i monga mphero.

Musathamangire kumasula

Mutu wotopa umadziwika ndi zizindikiro izi: njinga imavuta kulira m'mawa, kiki imatsika mopepuka, injini imafooka pa chitunda monga pokwera ku Fort Lister, ndipo nthawi zina oilo kapena mpweya umatuluka pamene mutu wakumana ndi silinda. Utsi nawo umanena zambiri. Wakuda umasonyeza kuti petulo akuchuluka, ndipo vuto limakhala ku kabuleta kapena ku sefa. Wobiriwira motuwa umene umatuluka poliza pokha kenako n'kuleka umaloza ku mavavu. Ukamatuluka ulendo wonse, nthawi zambiri atha ndi maring'i, ndipo kutsuka mutu kokha sikungathandize.

Musanamasule nati iliyonse, onani pulagi, tsukani sefa, ndipo yezani mpata wa mavavu. Vavu yomangidwa mothina siitseka bwino, ndipo kuichuna ndi ntchito ya mphindi zochepa. Zonsezi zikakhala bwino koma mphamvu osabwerera, pamenepo mpomwe mutu uyenera kutsika.

Kukonzekera

Mufunika masipanala a soketi oyenerana ndi manati, feeler gauge yoyezera mipata, grinding paste yoperera mavavu, palafini, burashi, nsanza zoyera, kamtengo kolimba kosongola, ndi gasiketi yatsopano. Gulani gasiketi musanayambe ntchito, chifukwa yakale ikachoka siibwereranso. Gwirirani ntchito pakhonde losesa bwino, pa thebulo kapena pa saka loyera, kutali ndi mbaula ndi ana. Tsukani kunja kwa injini poyamba kuti dothi lisagwere mkati, ndipo dikirani izizire, pakuti mutu womasulidwa uli wotentha umapindika.

Kumasula

Tsekani petulo, chotsani thanki, ekizozi, kabuleta ndi chivundikiro cha mavavu. Zungulizani injini mpaka chizindikiro cha T chifike pa mzere wake mavavu onse ali otseka. Pa injini ya tcheni, jambulani ndi foni mmene zizindikiro za taiming'i zakhalira, ndipo mangirirani tchenicho ndi waya kuti chisagwere mkati.

Manati a mutu amamasulidwa pang'onopang'ono modumphanitsa: ya kutsogolo kumanja, kenako ya kumbuyo kumanzere, ndi kubwereza mpaka onse alefuke. Mutu ukakakamira, umenyeni mofatsa ndi thabwa. Musalowetse sikuludiraiva pakati pa mutu ndi silinda, chifukwa bala limene ingasiye lidzatayitsa mpweya mpaka kalekale. Mutu ukachoka, tsekani mabowo otseguka ndi nsanza yoyera.

Tsopano yesani mavavu. Gadabuzani mutu pulagi ili momwemo, thirani palafini m'kachipinda kaja, ndipo dikirani mphindi zingapo. Palafini akatulukira ku khomo la kabuleta kapena la ekizozi, vavu ya mbali imeneyo ikudontha.

Vavu iliyonse imagwidwa ndi masipuling'i ndi tizitsulo tiwiri tating'ono ngati njere za mpunga. Chida chopanikizira masipuling'i n'chabwino kubwereka kwa makaniko kusiyana ndi kumenya ndi hamala, chifukwa tizitsuloto timauluka ndipo tingathe kulasa diso. Zonse za vavu imodzi ziikeni m'chitini chake, za inayo m'chitini china.

Kutsuka ndi kuyeza

Nyikani mutu m'palafini kuti mwaye ufewe, kenako upaleni ndi kamtengo. Aluminiyamu ndi chitsulo chofewa, mpeni umachicheka. Soda wopangira sopo asayandikire, chifukwa amadya aluminiyamu. Petulo si wotsukira: nthunzi yake imayaka ngakhale moto uli patali. Zotsalira za gasiketi yakale zinyowetseni musanazipale, popeza magasiketi ena akale ali ndi asbestos, amene fumbi lake limaononga mapapo. Pamwamba pa pisitoni palani ili pamwamba penipeni, ndipo pukutani zinyenyeswa zonse. Tsukaninso zipsepse zakunja, pakuti matope akazimata injini siizizira.

Mutu ukayera, uyang'anitsitseni padzuwa. Funafunani ming'alu pakati pa bowo la pulagi ndi mipando ya mavavu. Ikani rula yachitsulo yowongoka pansi pa mutu, m'litali ndi mopingasa, ndi kuyesa kulowetsa feeler gauge. Pa injini zazing'onozi, mpata woposa 0.05 mm umasonyeza kuti mutu wapindika. Gubuduzani mwendo wa vavu pa galasi kuti muone ngati wakhota. Kenako ibwezereni m'njira yake, itulutseni pang'ono ndi kuigwedeza. Ikamasewera kwambiri, njirayo yatha.

Apa mpamene pali malire a ntchito ya pakhomo. Mutu wong'aluka kapena wopindika, njira ya vavu yakutha, mpando wokumbika, ndi mazinga a pulagi ophweteka zimafuna makina. Pitani nawo kwa makaniko wodziwa, ndipo popeza mwanyamula mutu wokha, wotsukatsuka, mtengo wake sungafanane ndi wopereka njinga yonse. Vavu yokhota kapena yopsa m'mphepete musaiwongole, gulani ina.

Kupera mavavu

Ngati mavavu angokhala ndi timabowo tosazama, kupera kumakwanira. Pakani grinding paste pang'ono m'mphepete mwa vavu, dontho la oilo pa mwendo wake, ndipo ilowetseni. Igwireni ndi kamtengo ka mphira kapena kapaipi kovekedwa ku mwendo, ndi kuipekesa uku ndi uku monga mopekesera moto. Pakapita kanthawi inyamuleni, itembenuzeni pang'ono, ndi kupitiriza. Yambani ndi phala lokhakhala ngati pakufunika, malizani ndi losalala. Lekani mukaona mzere wotuwa wosadukiza kuzungulira vavu ndi mpando wake. Kupera mopitirira kumamiza vavu ndi kufupikitsa moyo wa mutu.

Mukatha, tsukani kawiri kapena katatu ndi palafini woyera. Phala lija ndi mchenga wakuthwa, ndipo kotsalira kakang'ono kakalowa mu oilo kadzapera injini yonse.

Kubwezera

Pakani oilo pa miyendo ya mavavu, ikani timphira tatsopano ngati injini yanu ili nato, ndipo onetsetsani kuti tizitsulo tija takhala bwino. Bwerezani kuyesa ndi palafini: ulendo uno asadonthe. Ikani gasiketi yatsopano pamalo ouma ndi oyera. Manati amangeni modumphanitsa, katatu, kuwonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Torque wrench ndiyo imapereka muyeso wa m'buku la njinga yanu, ndipo kumanga mopyola kumadula mabauti. Chunani mavavu injini ili yozizira. Pa CG125 mpata wake ndi 0.08 mm mbali zonse. Zungulizani injini ndi dzanja kangapo musanailize. Ikagwira penapake, imani muone taiming'i.

Thirani oilo watsopano, yendetsani modekha masiku oyamba, kenako yezaninso mpata wa mavavu.

Zotsala zisathere mumtsinje

Palafini wakuda ndi oilo wakale muzisunge m'chigubu chotseka ndi kukapereka kugalaja. Musazithire pansi pafupi ndi mjigo kapena m'ngalande. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imathera m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho zimene tatayamo zimakhala momwemo pamodzi ndi nsomba zimene timadya.

Mutu wokonzedwa bwino umakhalitsa ngati mwini wake akutsuka sefa ya mpweya pafupipafupi, kusintha oilo pa nthawi yake, ndi kupewa petulo wa m'mabotolo wosadziwika kumene wachokera. M'dzinja, njinga ikamira powoloka mtsinje, musaiyese kuliza. Chotsani pulagi, tulutsani madzi m'silinda, ndipo sinthani oilo musanayende nayo.