Za Nthenda ya Maganizo Yotchedwa Schizophrenia: Mau kwa Mabanja a kwa Chulu

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za nthenda imene anthu ainong'ona kuseri kwa nkhokwe, koma saitchula pabwalo. Mnyamata amene dzana anali kusoka fodya m'chigafa pamodzi ndi anzache ayamba kukhala yekha, aleka kusamba, agona usana nayenda usiku, ndipo tsiku lina auza amache kuti akumva anthu akumnena pamene palibe munthu. Akapita naye ku chipatala, dotolo alemba m'kabuku kache dzina lachilendo lakuti schizophrenia. Pamenepo banja libwerera kumudzi ndi mafunso ambiri: Kodi dotoloyo waona bwino? Kodi si kulodzedwa? Kodi adzachira? Tiyeni tione mafunso amenewa limodzi limodzi.

Dzinali ndi tanthauzo lache

Dzina limeneli analipeka dotolo wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, m'chaka cha 1908, polumikiza mau awiri a Chigriki, ena onena za kung'ambika, ena onena za maganizo. Ambiri pomva izi ayesa kuti m'thupi la wodwalayo mukhala anthu awiri. Ai, si tero. Chimene ching'ambika ndicho mgwirizano wa zimene munthu aganiza, zimene amva mumtima, ndi zimene zichitikadi pamaso pache.

Zizindikiro zache zazikulu ndi izi. Wodwala amva mau amene ena sawamva, ndipo kwa iye mauwo amveka bwino lomwe monga mau a mnansi pakhonde. Akhulupirira kolimba zinthu zosakhalapo, monga kuti nsima yache athiramo mankhwala, kapena kuti wailesi ikunena za iye. Zolankhula zache zisokonekera, osalumikizana. Ndipo pali chizindikiro china chimene ambiri achiyesa ulesi: mphamvu ya kufuna chinthu imchokera, kotero kuti angathe kukhala pansi tsiku lathunthu, khasu liri pafupi pomwepo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linawerenga m'chaka cha 2022 kuti odwala nthendayi ali ngati 24 miliyoni, ndiye kuti munthu mmodzi pa anthu 300. Mwa chiwerengero chimenechi, pa midzi ya anthu 3,000 tiyembekeze kupezapo odwala khumi. Iripo ku Ulaya, ku India, ku Amerika, kwa anthu okhulupirira ufiti ndi kwa anthu amene sanamvepo za nsupa. Kawirikawiri iyamba munthu atangotha msinkhu kufikira zaka za m'ma 30, ndipo anyamata iwagwira msanga kuposa asungwana.

Kodi dotolo adziwa bwanji?

Kukayika kwanu pa mfundo iyi kuli ndi chifukwa chache, pakuti palibe kuyeza magazi kumene kuonetsa nthendayi monga ayezera malungo. Dotolo aizindikira pomvetsera wodwala, pofunsa abale, ndi poona kuti zizindikiro zakhalapo mwezi wathunthu kapena kupitirira. Chifukwa chache wopita naye ku chipatala akhale munthu amene agona naye nyumba imodzi, wodziwa tsiku limene zinayamba.

Ndipo dotolo wanzeru ayamba wafufuza nthenda zina zimene zisokoneza mutu: malungo okwera ku ubongo, nthenda youmitsa khosi, chindoko chokhalitsa, kachirombo ka HIV, khunyu, kachasu ndi chamba. Mvetsani ichi: munthu akasokonezeka mwadzidzidzi, thupi liri lotentha, musayembekeze kuti kuche kawiri, mumtengere ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti malungo otere apha msanga. Chimodzimodzi mai amene wasokonezeka atangobereka mwana.

Za kulodzedwa

Tidziwa zimene zinenedwa m'midzi mwathu. Fodya akagulidwa bwino ku Chinkhoma, munthu nakhoma malata pa nyumba, ndiyeno mphwache nayamba kudwala mutu chaka chomwecho, anthu ati: "Wakhwimira mwana uja, nzeru zache ndizo chizimba cha chumacho." Ena ati mnyamatayo anaba m'munda wotsirika. Ena ati anaphunzira kopitirira. Ena aloza agogo okalamba a kumapeto kwa mudzi.

Tiyeni tiganize bwino. Nthendayi igwira anthu pa msinkhu womwewo umene achoka pakhomo kukagwira utenanti, kukalemba mayeso, kapena kukakwatira. Pa zaka zimenezo m'banja simusowa chochitika, chabwino kapena choipa, ndipo mtima wa munthu wovutika ufulumira kumanga zinthu ziwiri ndi luzi limodzi. Komanso wodwala mwini, chifukwa cha nthenda yomweyo, akhulupirira kuti wina akumsaka, natchula dzina la malume ache kapena la mnansi. Abale pomva ati, "Waulula yekha." Koma ku London wodwala wotereyu atchula apolisi kapena makina obisika m'khoma. Nthenda ndi imodzi, koma ibwereka mantha amene iwapeza pamalopo.

Zimene akatswiri apeza ndi izi. Nthendayi ikhala mu ubongo, m'mene timinyewa titumizirana mauthenga. Mbali ina iyenda m'magazi a mtundu: kholo limodzi likakhala nayo, mwana mmodzi pa ana khumi angathe kuidwala, ndiye kuti asanu ndi anai saidwala. Ngakhale mapasa ofanana kotheratu, mmodzi akadwala, winayo apulumuka pafupifupi theka la nthawi. Mbali ina ichokera ku zovuta za pobadwa, ku nkhanza zimene mwana anaziona, ndi ku chamba, makamaka chosutidwa paunyamata. Ngongole ya feteleza kapena mabelo obwezedwa ku okushoni zingathe kuidzutsa mwa munthu amene inali kale chigonere, koma pazokha sizipanga nthendayi.

Tsono musatchule munthu kuti ndi mfiti. Lamulo la boma la chaka cha 1911 liletsa zimenezi, ndipo lamulo la Mulungu liletsa umboni wonama. Nkhalamba zina m'dziko lathu lino zatenthedwera nyumba, zina zaphedwa, chifukwa cha mau otere, ndipo wodwala sanachire ndi imfa yao.

Za mizimu yoipa

Akhristu ena ati, "Ife za ufiti tinaleka, koma ichi ndi chiwanda." Pano Eklezia ayenda mosamala kwambiri. Buku la miyambo la ku Roma la chaka cha 1614 linachenjeza kale ansembe kuti asafulumire kukhulupirira kuti munthu wagwidwa ndi mzimu woipa, koma ayambe asiyanitsa ndi nthenda. Buku lokonzedwanso la 1999 liwalangiza kufunsa nzeru kwa madotolo, ndipo wansembe sachita mwambo wotulutsa mzimu woipa popanda chilolezo cha Episkopi. Ngati Eklezia adekha chotere, ife tisathamange kumanga mbale wathu pa mtengo, kumkwapula, kapena kumsalitsa chakudya masiku ambiri m'dzina la mapemphero. Pempherani ndithu, koma pempherani muli pa njira ya ku chipatala. Nthenda imeneyi si chilango cha machimo a wodwala kapena a makolo ache.

Kumbukirani Yohane Woyera wa Mulungu, wobadwira ku Portugal m'chaka cha 1495. Ali ku Granada, m'dziko la Spain, anthu anamuyesa wamisala, namtsekera m'chipatala m'mene odwala otere anali kumangidwa ndi kukwapulidwa, ndipo iyenso analawa mkwapulowo. Atatuluka anapereka moyo wache wonse kusamala odwala mwachifundo, kufikira imfa yache pa 8 March 1550. Abale a chipani chache anafika ku Mzuzu m'chaka cha 1993, ndipo nchito yao ya St John of God isamala odwala maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Za mankhwala

Makolo athu anaopa Zomba, ndipo mantha ao anali ndi maziko. M'chaka cha 1910 boma la atsamunda linatsegula malo osungira odwala misala pa ndende ya ku Zomba, ndipo masiku amenewo mankhwala enieni panalibe pa dziko lonse. Chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Chaka cha 1952 ndi pamene madotolo awiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anaonetsa kuti mankhwala a chlorpromazine atontholetsa mau ndi mantha a odwala. Haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Mankhwala amenewa ndiwo agwiritsidwa nchito kwambiri m'zipatala zathu, pamodzi ndi jekeseni ya fluphenazine imene abaya kamodzi pa masabata angapo, yothandiza amene aiwala kumwa mapiritsi.

Lero si wodwala aliyense atumizidwa ku Zomba. Yambani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, ndipo iwo adzakulozerani ku chipatala cha boma ku Kasungu. Ambiri alandira mankhwala nabwerera kwao, ndipo m'zipatala za boma mankhwalawa salipiritsa.

Pali zinthu zitatu zofunika kuzisunga. Choyamba, mankhwala sagwira tsiku limodzi. Papita masabata angapo mau asanatonthole. Kuona maso a nkhono nkudekha. Chachiwiri, ali ndi zovuta zache: tulo, kuuma kwa khosi ndi manja, kunjenjemera, dovu, kunenepa, ndipo chlorpromazine achititsa khungu kupsa ndi dzuwa, kotero wopita kumunda avale chipewa ndi malaya a manja. Mukaona izi musataye mapiritsi nkumati dotolo wamuonjeza misala. Bwererani, pakuti angathe kuchepetsa muyeso, kusintha mtundu, kapena kupereka ena ofewetsa thupi. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chigwetsa mabanja ambiri: wodwala akapeza bwino, abale ati wachira, naleka mankhwala, makamaka nyengo ya kuwokera ndi kuthyola fodya pamene aliyense ali kumunda ndipo ulendo wa ku chipatala uoneka ngati kutaya tsiku. Patapita miyezi nthenda ibwera ndi ukali. Mlimi saleka kuthirira nazale chifukwa mbande zamera. Kuleka kapena kuchepetsa mankhwala achite ndi dotolo yekha.

Kodi adzachira?

Tinene zoona. Bungwe lija linena kuti wodwala mmodzi pa atatu, kapena kuposapo, zizindikiro zimchokera kotheratu. Ena apeza bwino, nadwalanso nthawi zina, monga achitira a nthenda ya shuga. Ena ochepa avutika moyo wao wonse, ndipo afuna dzanja la abale masiku onse. Koma ichi chidziwika: wolandira chithandizo msanga ndiye ali ndi mwai waukulu. Chaka chimene banja litha poyenda kwa asing'anga, ligulitsa mbuzi ndi njinga, ndicho chaka chimene nthenda izika mizu.

Ambiri alima, achita malonda, akwatira ndi kulera ana. Pa za ukwati, ankhoswe anene chilungamo mbali zonse ziwiri, pakuti chobisika chidzaululika ndi kuwawa. Mai wodwala amene ayembekezera afunse dotolo za mankhwala ache, osaleka mwa yekha.

Zochita pakhomo

Musatsutsane naye za mau amene akumva, ndiponso musavomereze kuti alipodi. Nenani mofatsa: "Ife sitikuwamva, koma taona kuti akukuvutitsa." Mpatseni nchito yolingana ndi mphamvu zache, monga kusoka fodya, kudyetsa nkhuku kapena kuthirira dimba, pakuti kukhala chabe kuonjeza nthenda. Adye nanu mbale imodzi. Nthendayi sipatsirana m'malovu kapena m'zovala. Mowa ndi chamba zikhale kutali. Letsani ana kumtsata ndi nyimbo zachipongwe. Odwala ambiri sachita ndeu. Kawirikawiri ndiwo amenyedwa, aberedwa, ndipo asungwana agwiriridwa. Akayamba ukali, chotsani zikwanje ndi mipeni, muitane amuna odekha amene iye awakhulupirira, mupite naye ku chipatala. Unyolo ubala zironda ndi chidani.

Chenjeraninso ndi ichi: odwala nthendayi ena ataya mtima nafuna kudzipha, makamaka pamene nzeru zayamba kubwerera ndipo aona zimene zatayika. Mankhwala ophera tizirombo ta ku nazale muwatsekere pobisika, ndipo wodwala akatchula za imfa musayese nthabwala. Musamsiye yekha, mukauze a chipatala.

Ndipo inu a m'mphakati, mutu umodzi susenza denga. Mai amene asamala mwana wotere atopa kosaneneka. Mlandireni tsiku limodzi, mpalireni mizere ingapo, sonkhani ya basi ya ku Kasungu. Ku Geel, m'dziko la Belgium, kumene alemekeza Dymphna Woyera, mabanja akhala akulandira odwala maganizo m'nyumba zao kwa zaka mazana ambiri, ndipo mudziwo sunapasuke. Wodwala asachotsedwe pa Misa. Malo ache m'tchalitchi ndi ache ndithu.

Akulu anati wamisala anaona nkhondo. Chifukwa chache mbale wanu akanena kuti mankhwala akumlemera, kapena kuti wina akumzunza kudambo, mumvereni monga mumvera munthu aliyense. Mwezi uno funsani m'mudzi mwanu ngati alipo amene atsekeredwa m'nyumba kapena amangidwa kuseri, ndipo mukambe ndi eni mbumba ndi a mfumu za tsiku lopita naye ku chipatala. Mulungu alimbitse odwala athu ndi onse owasamala.