Kufunika Kophunzitsa Ogwira Ntchito M'malaibulale a Kumudzi

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya mulaibulale ndi yongodinda masiku m'mabuku, kupukuta fumbi ndi kuletsa ana phokoso. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti ntchitoyi ndi luso lofunika kuliphunzira, ndifotokoze njira za maphunziro zimene dziko lathu lakhala nazo, komanso chifukwa chake maphunzirowa ayenera kufika kumadera monga kwathu kwa Inkosi Kanduku, m'boma la Mwanza.

Poyamba tione zimene woyang'anira laibulale amayenera kudziwa. Mabuku sangoikidwa chiikeike pa mashelefu. Malaibulale ambiri amatsata ndondomeko imene Melvil Dewey wa ku America adatulutsa m'chaka cha 1876, yomwe imagawa nzeru zonse m'magulu khumi a manambala. Mabuku a zaumoyo amakhala pa nambala 610, a zaulimi pa 630, ndipo a ulimi wa zipatso pa 634. Mlimi wa manachesi wa ku Mwanza akafika kudzafunsa za matenda amene akugwira mitengo yake, wogwira ntchito wophunzitsidwa amangolunjika pa 634. Wosaphunzitsidwa amayankha kuti bukulo palibe, chonsecho lili pomwepo. Kuwonjezera apo, wogwira ntchitoyu amayenera kudziwa kufunsa bwino munthu kuti amvetse chimene akufuna, kusankha mabuku oyenera anthu a m'deralo, kusoka mabuku ong'ambika ndi kuwateteza ku chiswe ndi chinyezi.

Nanga luso limeneli amalipeza kuti? Bungwe la National Library Service, lomwe limayendetsa malaibulale a anthu onse m'dziko muno, lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1967 ndipo lidayamba ntchito mu 1968. Nthawi imeneyo kunalibe sukulu yophunzitsa ntchitoyi m'Malawi. Ofuna maphunziro apamwamba ankapita kunja, monga ku Britain, ndipo m'zaka zotsatira ena ankapita ku Botswana. Opeza mwayi wotere adali ochepa chifukwa umalira ndalama zambiri.

Poona vutoli, ogwira ntchitoyi adapanga bungwe lawo la Malawi Library Association mu 1976. Bungweli lidayambitsa maphunziro a satifiketi a othandizira m'malaibulale, ndipo kwa zaka zambiri iyi ndiyo idali njira yaikulu yophunzirira ntchitoyi munthu osatuluka m'dziko. Zinthu zidasintha pamene sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu, yomwe idatsegulidwa mu 1999, idayamba kuphunzitsa dipuloma ya ntchitoyi mu 2003, kenaka digiri. Kuyambira pamenepo Mmalawi adatha kufika pa ukatswiri ali kwawo konkuno.

Njira ina ndi ya maphunziro afupiafupi amene munthu amachita ali kale pantchito. Amenewa ndi ofunika chifukwa ntchitoyi imasintha. Amene adaphunzira kulemba mayina a mabuku pa timakadi tsopano ayenera kudziwa mapulogalamu a pakompyuta monga Koha, yomwe idapangidwa ku New Zealand ndipo ndi yaulere. Ayeneranso kuthandiza owerenga kufufuza pa intaneti ndi kusiyanitsa nkhani zoona ndi zabodza. Chitsanzo china ndi ntchito yotolera nthano za m'Malawi, imene National Library Service idayamba mu 2012 mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO m'dziko muno. Ogwira ntchitoyo adayenera kuphunzira kujambula mawu ndi zithunzi za agogo akusimba nthano m'midzi, luso lomwe m'mbuyomo silinkawerengedwa ngati la mulaibulale.

Tsono vuto lili apa: pafupifupi mwayi wonsewu umapezeka m'mizinda. Kuchoka ku Mwanza kupita ku Mzuzu ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo munthu wa banja sangasiye ntchito zaka zinayi popanda womulipirira. Komanso amene amasunga mabuku kumudzi nthawi zambiri si olembedwa ntchito ya laibulale. Ndi mphunzitsi amene wangopatsidwa makiyi a chipinda cha mabuku pamwamba pa ntchito yake ya m'kalasi, kapena wachinyamata wongodzipereka. Munthu wotere akapanda kuphunzitsidwa amaopa kuti mabuku akasowa adzamulipiritsa, motero amawatsekera m'makatoni. Mabuku opatsidwa ndi mabungwe monga Book Aid International, ngakhalenso timabuku ta ana ta Werengani timene National Library Service idasindikiza, sapindulitsa mwana ngati akhala m'katoni mpaka chiswe chitawadya.

Ine ndikuona kuti maphunziro ndi amene ayenera kutsatira anthu. Malo ophunzitsira aphunzitsi otchedwa TDC alipo kale m'madera onse, ndipo akhoza kugwiritsidwa ntchito pa tchuthi kuphunzitsa osunga mabuku kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Maphunzirowo akhale m'Chichewa ndipo akhudze zofunikira zenizeni: kulemba mabuku m'kaundula, kubwereketsa, kuwerengera ana nthano ndi kuthandiza akuluakulu a sukulu ya kwacha. Wina akapita ku maphunziro ku Blantyre kapena ku Lilongwe, azibwera kudzaphunzitsa anzake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene aonetsa chidwi athandizidwe kukwera pang'onopang'ono kuchoka pa satifiketi kufika pa dipuloma, ndipo malipiro awo azikwera nawo kuti asathawire m'tauni akangophunzira.

Pomaliza, pamene tikupempha mabuku ndi nyumba zowerengeramo kwa Kanduku, tizipemphanso maphunziro a munthu wodzakhala mkatimo. Iyeyo ndiye adzachititse kuti mwana wa Fomu 4 apeze buku la mayeso ake, ndi kuti mlimi uja abwerere kumunda ndi yankho.