Tizilombo 'topuma' poizoni m'nthaka

Madzi atha kuoneka oyera mbee pomwe ali ndi poizoni. Zoterezi zidagwera mabanja a asilikali a ku Camp Lejeune m'chigawo cha North Carolina ku America, omwe pakati pa 1953 ndi 1987 ankamwa ndi kusamba madzi okhala ndi mankhwala a TCE ndi PCE.

TCE amatsukira girizi pazitsulo, pomwe PCE ndi uja amachapira masuti osagwiritsa ntchito madzi. Onsewa ngolemera kuposa madzi, ndiye akatayikira pansi samayandama ngati mafuta agalimoto. Amamira mpaka kukafika pamadzi omwe zitsime ndi mijigo imatunga, n'kukhalako zaka makumimakumi. Akatswiri adatsimikiza kuti TCE amayambitsa khansa ya impso.

Koma nthaka nayo ili ndi antchito ake. M'chaka cha 1997, akatswiri a payunivesite ya Cornell adakwanitsa kupatula kachilombo kosaoneka ndi maso kamtundu wa Dehalococcoides, komwe kadachokera m'matope a zonyansa za m'zimbudzi. Kachilomboka kamakhala komwe kulibe mpweya wa okosijeni, ndipo m'malo mwake "kamapuma" mankhwala omwewa.

Kamathothola klorini m'modzim'modzi ngati munthu wotong'ola chimanga. PCE amasanduka TCE, kenaka DCE, kenaka vinyl chloride, mpaka kutsala ethene, mpweya uja umapsetsa nthochi.

Vuto lili panjira. Tizilomboti tikasowa chakudya, kapena ngati pamalopo palibe mtundu womaliza ntchitoyi, zinthu zimaimira pakati. Vinyl chloride ngoopsa kwambiri, amayambitsa khansa ya chiwindi. Choncho wonena kuti "nthaka idziyeretsa yokha" n'kupinda manja akunamiza anthu.

N'chifukwa chake ku America njirayi amaivomereza pokhapokha pakumbidwa zitsime zoyezera madzi, ndipo zotsatira zikuonetsa chaka ndi chaka kuti poizoni akuchepadi komanso sakufalikira kwa anthu. Zikachedwa, amapopera pansi manyuchi a nzimbe kapena mafuta ophikira. Izi zikamaola zimatulutsa mpweya wa haidrojeni, chakudya cha tizilomboti. Pena amathiramonso tizilombo towetedwa mulabotale.

Kwa anthu a ku Camp Lejeune zonsezi zidabwera madzi atamwedwa kale. Lamulo lowalola kukasumira boma kuti liwapepese lidasainidwa mu 2022, patatha zaka 35.