Foloko ya masipuling'i ikayamba kugogoda

Gwirani buleki yakutsogolo mwamphamvu, muigwedeze njingayo kutsogolo ndi kumbuyo tayala lili chiimire. Mukamva kuti go! go! chakutsogoloko, dziwani kuti china chake chadyeka. Mwina ndi mabering'i a pakhosi pa felemu, mwina ndi foloko yeniyeniyo. Kuti mudziwe, ikani chala pamene paipi yonyezimira imalowera m'mwendo wa foloko, mnzanu agwedezenso. Chala chikamva kusewera pamenepo, mabering'i alibe mlandu. Yadwala ndi foloko.

Ine ndimakonza njinga kuno ku Kaliyeka, ndipo matenda amenewa ndimawaona pafupifupi pa njinga iliyonse yamagiya imene yafika pamalo panga. Zambiri ndi za kaunjika, zinayenda kale zaka kumaiko akunja. Zina ndi zatsopano koma zotchipa, utoto wowala, zomata mayina akuluakulu. Anthu amazikonda chifukwa cha foloko yoviika ija, imene ena amangoti mashoko, ndipo sindiwadabwa. Misewu yathu yolowa m'makwalalamu, kuno ngakhale ku Area 23 ndi ku Chinsapo, ndi ya mabampu ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi a mvula. Munthu akaona foloko yoviika amati manja apumulako.

Nzeru ya foloko yoviika inachokera ku njinga zamoto. Paul Turner wa ku America, amene ankagwira ntchito pa njinga zamoto za mpikisano, ndiye anayambitsa kampani ya RockShox mu 1989, n'kupanga foloko yoviika ya njinga yakapalasa yothamangira m'mapiri. Mafoloko odula a mtundu umenewo amakhala ndi mpweya kapena sipuling'i mwendo umodzi, mwendo winawo oyilo wobweza pang'onopang'ono kuti njinga isadumphe. Amene timawaona kwathu kuno ambiri si otero. Ndi a SR Suntour, RST, Zoom, kapena opanda dzina n'komwe, ndipo m'kati mwake mumangokhala sipuling'i, timabushi ta pulasitiki ndi girisi basi. Zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa munthu wa sipanala ndi alenki angathe kuitsegula yekha pakhonde.

Chimene chimapha foloko kuno ndi fumbi ndi madzi. Kuyambira mwezi wa May mpaka October fumbi lofiira lija limamatirira pa mapaipi onyezimira, ndipo foloko ikaviika kamodzi, kafumbi kena kamadutsa pa kalabala kotchinga n'kulowa m'kati. Mvula ikayamba, madzi amatsata njira yomweyo. Fumbi, madzi ndi girisi wakale zikasakanikirana zimasanduka phala lokhakhala limene limapala mapaipi ndi mabushi tsiku ndi tsiku. A RockShox amalangiza kuti miyendo ya foloko izitsegulidwa n'kutsukidwa ikayenda maola 50. Munthu wopalasa ola limodzi patsiku, kupita m'tauni ndi kubwerako, maola amenewo amawakwanitsa miyezi iwiri isanathe. Koma mafoloko ambiri amene ndimatsegula sanatsegulidwepo chichokereni ku fakitale.

Choyamba choyang'ana, musanawononge ndalama iliyonse, ndi mapaipi awiri aja. Apukuteni ndi kansalu, muyendetse chikhadabo pamwamba pake kuchokera kumtunda mpaka pa labala. Ngati chikhadabo chikungotsetsereka, folokoyo ili ndi moyo, ngakhale itauma gwa osaviika. Chotsani tayala ndi buleki. Pansi pa mwendo uliwonse pamakhala nati kapena bawuti, mumasule. Pa mafoloko otchipitsitsa bawutiyo imabisala m'kati, ndipo mumaifikira kuchokera pamwamba mutachotsa kachivindikiro ka pulasitiki, ndi alenki yaitali imene enafe tinachita kulumikiza tokha. Mukatero kokani miyendo yapansi. Nthawi zambiri imakana, mumachita kuigogoda pang'ono ndi kamtengo, osati hamala. Ikangotuluka, chimene chimatsatira ndi madzi akuda bii onunkha dzimbiri, ndipo sipuling'i imatuluka itavala matope ouma ngati chinangwa chongokumbidwa kumene.

Zitsulo zonse muzitsuke ndi palafini, muziyanike ziume bwino. Timalabala titsukeni ndi madzi a sopo, osati petulo, chifukwa petulo amatifufumitsa n'kutiphwetetsa. M'kati mwa miyendo mulowetsemo nsalu yokulunga pa kamtengo mpaka ituluke yoyera. Kenako pakani girisi watsopano pa sipuling'i, pa mabushi ndi kuseri kwa timalabala. Girisi wake akhale wofewa. Wolimba uja wa mabering'i a galimoto amachititsa foloko kuviika mokakamira, makamaka m'mawa wa June kukamazizira. Oyilo wakuda wotsala mu injini, amene anyamata ambiri amathira pa chilichonse, musamuyandikize. Ali kale ndi tizitsulo, ndipo amaitana fumbi. Ntchito yonseyi mtengo wake ndi wa palafini pang'ono ndi kachitini ka girisi, ndipo foloko imene mwiniwake anaitaya mtima imayambanso kuviika.

Chikhadabo chikamakodwa, nkhani yasintha. Timadontho tochepa ta dzimbiri mungatisalaze ndi sandipepa yosalala kwambiri yonyowetsa, mofatsa, kuti tisamang'ambe labala. Koma ngati kunyezimira kuja kwasupuka mpaka chitsulo chakuda chikuonekera, palibe girisi amene angabwezeretse. Chimodzimodzi mabushi akadyeka kwambiri. Atsopano olingana ndi foloko yanu ndi osowa m'mashopu athu. Anzanga ena amadula kachidutswa ka botolo la pulasitiki n'kukapanikiza m'menemo kuti kugogoda kuleke. Kumalekadi, koma kwa masabata ochepa. Ena amaika chidutswa cha chitini, ndipo chimenecho chimamaliza kupala paipi. Mafoloko ena akale, a zaka za m'ma 1990, m'malo mwa sipuling'i anali ndi timalabala tolimba tosanjikizana, ndipo tikakalamba timafumbutuka kapena kusungunuka. Amenewo amadzukanso mukapeza sipuling'i yolingana kuchokera mu foloko ina yakufa. Ngati pamwamba pa mwendo mwaona vavu yonga ya chubu, imeneyo ndi foloko ya mpweya. Tulutsani mpweya wonse musanakhudze nati iliyonse, apo ayi chivindikiro chingakuthawireni kumaso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimakana ngakhale kasitomala atandichonderera kuti achimwene tangondithandizani ndifike kumapeto a mwezi. Foloko yong'aluka, kapena yopindika chifukwa chogunda, sindiitumiza kwa owotcherera ndipo sindiiwongola. Ku Biwi ndi ku Mchesi kuli amisiri aluso zedi, amene amaukitsa zitsulo zimene wina akanataya, koma apa luso silithandiza. Miyendo ya mafoloko ambiri ndi ya aluminiyamu kapena magineziyamu, zitsulo zosagwirizana ndi moto wowotcherera mageti, ndipo ngakhale ya chitsulo wamba ndi yopyapyala moti imafooka m'mphepete mwa powotchererapo. Tcheni chikaduka munthu amatsika n'kukankha njinga. Foloko ikathyoka pamtsetse, nkhope ndiyo imayamba kufika pansi.

Ikafika pogula ina, anthu ambiri amaluza ndalama chifukwa chogula ndi maso. Mafoloko amafanana poaona koma sakwanirana. Khosi la foloko, paipi ija imalowa mu felemu, lilipo la mamilimita 25.4, limene lili pa njinga zakale ndi zotchipa zambiri, ndi la mamilimita 28.6 limene lili pa njinga zamagiya zambiri za kaunjika. Zatsopano zodula zili ndi khosi lonenepa kumunsi. Lina lili ndi mazinga omangirapo nati, lina ndi losalala, limagwidwa ndi chitsulo chonyamula mahandulo. Khosi lotalika mungalidule ndi sowo, koma lalifupi lilibe mankhwala. Tayala nalo likhale lolingana, kaya la mainchesi 26, 27.5 kapena 29. Muonenso pomangira buleki: ngati yanu ndi yogwira pa limu, foloko ikhale ndi timichombo tiwiri tomangirapo bulekiyo, ngati ndi ya disiki, ikhale ndi pomangira kumunsi kwa mwendo wakumanzere. Njira yachidule ndi kunyamula foloko yakaleyo m'manja popita ku Malangalanga kapena kumsika waukulu, n'kukaigundanitsa ndi imene mukufuna. Musaiwale kugwazula kamkombero kachitsulo kamene kali patsinde pa khosi lakalelo. Mabering'i amakhala pamenepo, ndipo foloko yatsopano sibwera nako.

Mitengo ya zipangizo zochokera kunja inakwera kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Foloko yoviika yeniyeni lero ingapose mtengo umene munagulira njinga yonse. Yotsika mtengo, yonyezimira bwino mushopu, kawirikawiri ndi yolemera, imayamba kugogoda dzinja limodzi lisanathe, ndipo mumabwereranso pomwe munali. Yochotsa pa njinga ina ya kaunjika imakhalako bwino, bola muiyese ndi chikhadabo chija ndi kuigwedeza musanalipire.

Maganizo anga, amene makasitomala ambiri sawakonda poyamba, ndi oti munthu wa ndalama zochepa agule foloko youma yachitsulo, yopanda masipuling'i. Taonani akabaza. Amanyamula munthu wamkulu, thumba la chimanga, mitolo ya nkhuni, m'misewu yomweyi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, pa njinga za Hero ndi Avon za ku India zimene foloko yake ndi chitsulo basi. Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, anaipangira dala misewu ya fumbi ya kuno ku Africa, kaliyala wake amanyamula makilogalamu 100, koma foloko yake siviika. Foloko youma ilibe polowera fumbi, ndi yopepuka, ndipo mukagwira buleki njinga sigwada. Foloko yoviika imene inauma ndi dzimbiri siikuthandizani kalikonse, mukungonyamula kulemera kwake.

Pali chenjezo limodzi lokha. Foloko yoviika imakhala yotalikirapo, kuyeza kuchokera pa ekiselo ya tayala kufika patsinde pa khosi, ndipo felemu anaipanga moganizira msinkhu umenewo. Mukaikapo youma yaifupi ndi masentimita 5 kapena kuposerapo, njinga imaweramira kutsogolo, mahandulo amakhala ojijirika, ndipo mapedulo amakhudza pansi pokhota. Yezani yakaleyo ndi chingwe, mufune youma yoyandikira msinkhu wake. Kufewa kumene mwataya mungakupezenso pa tayala: lakutsogolo likhale lonenepa, la mainchesi 2 kapena kuposa, ndipo musalipope mpaka kulimba gwa.

Amene foloko yake idakali bwino, kapena amapalasa maulendo ataliatali m'njira za miyala ndipo mikono imamuwawa, aisunge ndithu. Azipukuta mapaipi ndi kansalu kouma akafika kunyumba, asamaithire madzi amphamvu a kotsukira magalimoto, ndipo aziitsegula kawiri pachaka: mvula ikangotha mu April, ndi fumbi likafika pachimake mu October. Ngati timalabala totchinga tatha ndipo tatsopano tasowa, dulani chubu chakale, muveke paipi iliyonse momasuka, mumange kumtunda kokha kuti madzi olowa azituluka kumunsi.